Dokotala wa Manachesi

Lolemba
A Sisitala a ku Boma akubwera Loweruka kudzaona ngati ine, wophunzira umedikolo, ndingathe kubaya munthu jakisoni. Ndikalephera, mwezi wina wonse ndikhala ndikupachika makanda pa sikelo. Za m'buku ndikuzidziwa: wiritsa singano, tulutsa mpweya mu sirinji, gawa thako panayi, baya kumtunda chakunja, koka pang'ono uone ngati mulibe magazi. Vuto ndi dzanjali. Likangoona thako limanjenjemera ngati lagwidwa malungo.
Nzeru zabwera: ndiphunzirira pa manachesi! Nachesi salira, sathawa, alibenso achibale.

Lachiwiri
Ndagula dengu lonse kwa Mayi Luwiza, othawa nkhondo a ku Mozambiki amene amagulitsa pa geti. Ndili kuseri kwa chipatala, ndikubaya madzi owiritsa. Woyamba: singano yatulukira mbali inayo. Wachiwiri: msuzi m'diso. Wachitatu: chala changa. Ukatswiri wokhawokha!
Mayi Luwiza akusuzumira pa mpanda. "Dotolo, akudwala chiyani manachesiwo?" Ndayankha kuti malungo. Tikuseka tonse. Kapena ndikuseka ndekha.

Lachitatu
Dengu lasowa. Ndalipeza pa geti, Mayi Luwiza akugulitsa manachesi obayidwa aja ngati mankhwala, mzere wake kuposa wa chipatala. Kuno munthu ukampatsa mapiritsi amabwerera kwawo akudandaula kuti wanyozedwa, mankhwala enieni ndi jakisoni basi. Tsono lero kwabwera jakisoni wosapweteka, wotsekemera, wochita kusenda!

Lachinayi
Ndikufotokoza kuti ndi madzi chabe. Palibe akumva. "Akubisa, akufuna azidya okha," akutero amayi ena. Abambo ena ayenda wapansi kuchokera kwa Kanduku kudzandithokoza, ati msana wawo wasiya. Zaka ziwiri za sukulu sizinandipatse ulemu wotere.
Kuphunzira: ziro. Ndikangogwira nachesi, manja khumi atambasuka kale.

Lachisanu
Nthabwala yatha. Mayi wina ali pa geti kukamulira nachesi m'kamwa mwa mwana wotentha thupi ngati mbaula. Ndawakokera mkati ndikukalipa, mwana walandira mankhwala enieni. Ndakwiya, ndipo ndachita mantha. Pakamwa pangapa!
Madzulo ndikuyesera pa pilo. Pilo sakundiphunzitsa kanthu.

Loweruka
A Sisitala afika ndi fumbi la msewu wa kuno ku Thambani m'mutu, nkhope yosafuna zocheza. Andisankhira Bambo Zuze, othawa nkhondo, odwala chibayo. Munthu woti anadutsa m'zipolopolo, singano angaiope? Ndatunga penisilini, ndatulutsa mpweya bwinobwino, dzanja layamba gule wake. Bambo Zuze ayang'ana dzanjalo, amanganso lamba, apisa m'thumba, atulutsa nachesi.
"Bayani umu, dotolo. Ndikadyera kunyumba."
A Sisitala afunsa kuti zikutanthauza chiyani. Mzere wonse ukuwafotokozera mokondwa, aliyense ndi umboni wake. Bambo Zuze awabaya okha a Sisitala. Chigamulo changa: sikelo, mwezi wathunthu, komanso ndikaime pa msika ndilengeze kuti anali madzi.

Lamulungu
Ndalengeza. Anthu akugwedeza mitu mwaulemu, wina akunong'oneza mnzake kuti Boma landiletsa chifukwa cha nsanje.
Kunyumba ndapeza dengu latsopano pakhomo. Lachokera kwa Mayi Luwiza, ati "obrigada", zikomo wa kwawo, ndipo ati ndikamaliza kubaya nditumize. Ndatenga mmodzi, ndamugawa panayi ndi maso, kumtunda chakunja. Dzanja lili zii, silikunjenjemera mpang'ono pomwe.
Mawa makanda.