Tchuthi cha a Chidendene

Malemu a Chidendene sankapereka moni kwa munthu, ankapereka moni kwa mapazi ake. Ukafika pa butchala yawo kuti ugule nyama, iwo maso pansi, kuyeza phazi lako ndi diso ngati nalonso akufuna kuliika pa sikelo. Anali chimunthu chachitali, mimba ngati diramu, manja ngati mafosholo, ndipo manja omwewo, amene m'mawa ankaphwanya mafupa a ng'ombe ndi nkhwangwa, masana ankaluka masokosi. M'tauni yotentha ngati yathuyi, mmene ngakhale agalu amayenda lilime lili panja, bambo ameneyu anatsimikiza mtima kuti palibe phazi lidzafe ndi chisanu iye ali moyo.

Zinayamba dokotala atawaletsa fodya. Zala zinasowa chogwira, moti anayamba kuthyola mapensulo a pa kauntala ndi kusenda utoto wa pamakoma. Akazi awo atatopa anawaponyera mpira wa ulusi, nawauza kuti agwire chimenecho asanagwetse nyumba. Singano zolukira za kusitolo zinkapindika m'manja mwawo, choncho anazula masipokosi a njinga yawo yakale n'kuwanola pa mwala wonolera mipeni. Kuchokera pamenepo ankaluka paliponse: m'minibasi, pamaliro, pamzere wa kubanki, m'tchalitchi. Abusa akatalikitsa ulaliki, sokosi nayo inkatalika, ndipo mpingo unkaba maso kuyang'ana kumbuyo kuti uone ngati yafika m'bondo.

Amene anasenza mtanda wa munthu ameneyu ndi mlamu wawo, a Lumo, wometa tsitsi wa tsidya lina la msewu, amene mchemwali wawo ndiye anakwatiwa ndi a Chidendene. A Lumo ankauza aliyense wokhala pampando wometera kuti mchemwali wawo anakwatiwa ndi agogo aakazi a ndevu. A Chidendene ankangobweza kuti munthu wadazi wometa anzake ali ngati wopanda mano wogulitsa miswachi.

Chaka china nyama inayamba kupimidwa molakwika pa butchala paja. Kenako tsiku lina a Chidendene anafunsa miyendo ya tebulo kuti imavala saizi yanji. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawatengera kwa dokotala wa maso, ndipo anabwerako ndi uthenga wolemera: maso akuzima, mankhwala palibe, nthawi yatsala pang'ono. Mtsikanayo analira mokwanira, atapukuta misozi anagamula kuti bambo ake aone dziko nyali isanazime. Anawalipirira ulendo wokacheza kudziko lakutali lozizira, wa gulu, wokhala ndi woperekeza wake. Mayi ake anakaniratu, anati chinthu chimene sungauze dalaivala kuti aime utsike iwo sakwera. Mpando unagwera a Lumo.

"Amalume," anatero namwino uja, "ntchito yanu ndi imodzi. Bambo aone. Akaweramira ulusi, muziwadzutsa mutu."

A Lumo analonjeza, nagula juzi yofiira yatsopano kuti asakachite manyazi pa zithunzi.

Mavuto anayambira pa bwalo la ndege. Chikwama cha a Chidendene chitalowa m'makina ounikira, makinawo analira ngati awona mfiti. Msilikali anatulutsa masipokosi onola aja, nawatembenuza, nafunsa kuti njinga yake ili kuti. A Chidendene anayankha kuti ikubwera pa ndege ya mawa. A Lumo anachita kugwada ndi mawu, kufotokoza kuti munthuyu si chigawenga, ndi wopenga wamba, mpaka masipokosi analoledwa kupita m'katundu wa pansi. Ulendo wonse zala za a Chidendene zinkaluka mphepo. Pofika, bulangete la ndege limene anawafunditsa linali litasanduka mpira wa ulusi m'thumba la jekete, ndipo iwo anatsika masitepe ndi nkhope ya mkulu wa mpingo.

Dziko lija linalidi lokongola. Woperekeza, mayi wamng'ono wonyamula ambulera yachikasu kuti gulu lisamutaye, ankaloza milatho, nsanja, mitsinje. A Lumo ankagwira chibwano cha mlamu wawo n'kuchikweza ngati akufuna kumeta ndevu, koma akangosiya, mutu uja unkabwerera pa sokosi ngati wa nkhuku yojompha. M'basi a Chidendene anali atayeza kale mapazi a gulu lonse. Chilankhulo sankachidziwa ndi liwu limodzi lomwe, koma ankangoloza nsapato, munthu n'kuvula. Nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo inkawatsatira paliponse chidendene chili pamtunda, kudikira zake.

Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi kumene a Lumo anaganiza kuti apambana. A Chidendene anaima patsogolo pa chiboliboli cha mwala cha mwamuna wamaliseche, nachiyang'ana nthawi yaitali, ulusi uli m'thumba. A Lumo mtima unakhala pansi, anati tsopano luso la anthu lamulowa. Mwadzidzidzi anangoona chimunthu chija chadumpha chingwe, chagwada, chikuyeza phazi la mwala ndi zikhatho. Belu linalira, alonda anathamanga.

"Munthu waima chonchi pa chisanu chonsechi," anadandaula a Chidendene akukokedwa, "ndipo nonsenu mukungomujambula."

"Alamu, chimene chikuzizidwa pa munthuyo si mapazi."

"Ndachiona. Chimenecho ulusi wake ndi wochepa, ndingamalize tisanafike pa basi."

Anawatulutsa onse awiri, ndipo mayi wa ambulera uja kuyambira tsiku limenelo ankawayika pakati pa gulu ngati mbuzi zothawathawa.

Ulusi wa bulangete nawo unatha. Masana ena, basi ikukwera mapiri, a Lumo anagona tulo ta munthu wokhuta. Atadzuka anamva kamphepo kudzanja lamanzere. Juzi yofiira ija inali itatsala dzanja limodzi, ndipo pambali pawo mlamu wawo ankaluka sokosi yofiira, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Atafunsidwa, a Chidendene anati dzanja la wometa siliyenera kufunda kwambiri, limachita ulesi.

Ndi mkwiyo umenewo a Lumo anakwera nawo pamwamba pa phiri, m'kabokosi kolendewera pa chingwe, maso ali tsinzi ndi mantha. Atafika pamwambapo anatsegula maso. Mapiri oyera ndi madzi oundana anandanda mpaka kumene diso limalekera, dzuwa likuwala pa iwo ngati pa malata atsopano, pansi nyanja yaing'ono yobiriwira. Anatembenuka kuti aone nkhope ya mlamu wawo. Anawapeza atakhala pa benchi, atafulatira zonsezo, mutu pansi, masipokosi akugundana.

A Lumo anatsomphola sokosi ija n'kuiponya kuseri kwa chitsulo chotchinga. Inapita ndi masipokosi ake, mpira wa ulusi ukugubuduka pambuyo, mzere wofiira pa phiri loyera. Kenako anayamba kulalata. Anati mwana wagwira ntchito masana ndi usiku kuti bambo ake aone izi, ndipo bambo akeyo wadzaona zidendene za alendo. Anati maso akupita, sadzabweranso, ndipo iwo akamuuza chiyani mwanayo akakafunsa.

A Chidendene sanakwiye. Anadzutsa mutu, ndipo m'pamene a Lumo anaona kuti maso awo anali otsinzina.

"Sindimayang'ana ulusi, alamu. Chichokereni kwathu ndikuluka chotsinzina. Ndikuphunzitsa zalazi kuyenda zokha. Mukuganiza kuti mumdima muja ndizikachita chiyani, kuwerenga mapiri?"

A Lumo anakhala pansi pa benchi ija. Mphepo inkalowa kudzanja lopanda juzi, koma sanaimve.

Patapita kanthawi a Chidendene anaimirira, natsegula maso, napita pa chitsulo paja. Anayang'ana mapiri aja nthawi yaitali. Anati ndi oyera, ndipo aona kuti ndi ambiri, mwana akauzidwe choncho. Ndiyeno anagwira a Lumo m'makutu ndi manja a mafosholo aja, nayandikiza nkhope yawo pafupi, naipenda kuyambira pa dazi mpaka pa chibwano.

"Imani bwino. Iyi ndiye ndikufuna ndiisunge. Ndikadzayamba kudandaula kuti sindikuona, ndizidzaikumbukira n'kuthokoza Mulungu."

Masiku otsalawo a Lumo anasiya kukweza chibwano cha munthu. Anakagula okha ulusi ndi singano zolimba, ndipo m'basi ankakhala pawindo n'kumafotokoza zimene zikudutsa, mlamu wawo akuluka chotsinzina. Poyamba ankanena zoona. Atawona kuti zoona sizikukoma, anayamba kuthira mchere: ng'ombe zovala mawotchi, apolisi oyenda pa nsapato za matayala, nsomba zowoloka msewu. A Chidendene ankangoti, "Onjezani, alamu, bodza la wometa ndi laulere."

Atabwerera kwathu, maso anazimadi mvula isanagwe. Butchala anaisiyira munthu wina, koma iwo anatulutsa mpando panja pake n'kupitiriza ntchito yawo yeniyeni. Tsopano phazi ankaliyeza ndi manja, ndipo ankazindikira anthu ndi zikang'a zawo. Mitundu ya ulusi ndiyo inasokonekera. Ankatola mpira uliwonse umene dzanja lagwira, moti ahedi a sukulu ankayenda ndi phazi lina lapinki lina lachikasu, ndipo wapolisi wa pamsewu ankaimitsa magalimoto atavala zinthu zooneka ngati zidole za ana. Palibe anawauza. A Lumo akafunsidwa ndi mlamu wawo kuti iyi ndi ya mtundu wanji, ankayankha kuti yakuda, yaulemu.

Anamwalira masana ena pampando pomwepo, anthu akuganiza kuti akuwerenga mizere ya sokosi mumtima. Pokonza thupi, azibambo anasankha masokosi abwino koposa kuti awaveke. Akazi awo anatumiza mawu kuchokera m'nyumba kuti asayerekeze. Munthuyu, anatero, sanavalepo sokosi moyo wake wonse, ankati zimayabwa. Anthu anayang'anana. Zaka zonsezo mapazi awo ankakhala m'jombo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zosuzumira. Kuseka kunayambira kwa azibambo, kunafika kwa amayi a nyimbo, mpaka abusa anabisa nkhope m'buku.

Msewu wathu masiku ano ndi msewu chabe. Nyama imapimidwa molondola, ulaliki umatalika popanda woulemba chizindikiro, ndipo munthu ukhoza kuyenda tsiku lonse phazi litang'ambika osapezeka wofunsa. A Lumo amametabe, koma amameta mwakachetechete, moti makasitomala ena anasamuka, akuti tsitsi lometedwa popanda miseche silikhala bwino.

M'mawa wina, akunola lumo, chipongwe china chinawabwerera m'mutu, chabwino kuposa zonse zimene anapekapo, chokhudza mimba ija ndi geti la kumwamba. Anaseka okha, naponya thaulo paphewa, natuluka nacho chothamanga. Anafika pakati pa msewu. Mwini butchala watsopano anavula chipewa, nawapatsa moni waulemu, nafunsa ngati angawathandize.

A Lumo anati ayi, amangoona ngati kukubwera mvula. Anayang'anadi kumwamba pang'ono, nabwerera kukatsegula mawindo.