Mfuti Zitatu za Nsungwi ndi Mtedza Wanga

Lolemba, 23 Malichi

Mizere ya mtedza: 64. Yomwe anyani afukula kale: 7. Anyaniwo alipo 19, kuphatikizapo ana awiri okakamira pamimba pa amawo. Ndawawerenga kawiri chifukwa sakhazikika.

Mtedzawu ndi umene ndikuyembekeza kudya ndi kusungako mbewu. Sunakhwime. Ndikufuna mfuti.

Ndapita kwa alamu anga, a Sajeni, amene anapuma usilikali chaka chimene ine ndinasiya kuphunzitsa masamu. Ndawauza kuti ndikufuna mfuti ija imadzilowetsa yokha chipolopolo, kuti ndisamavutike. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti yoteroyo munthu wamba saloledwa, ngakhale iwowo yawo anabweza. Koma poti ndafunsa, andijambulira pansi ndi kamtengo. Utsi wa wonga umabwerera m'kapaipi kokhala pamwamba pa mpope, n'kukankha chitsulo chimene chimalowetsa chipolopolo china. Kapaipiko kakafupika, mfuti imakhala yaukali, imamenya phewa. Kakatalika imafatsa. Kuliponso kapakati. Nkhani yonse, akutero, yagona pa utali.

Yanga akuti ikhale ya nsungwi ndi kabaidi, miyala yonunkha ija owotcherera zitsulo amanyika m'madzi kuti itulutse gasi. Chipolopolo mulibe, ndi phokoso lokhalokha. Ndafunsa kuti nanga pamenepo chodzilowetsa chokha chili pati. "Ndinuyo, alamu."

Utali sindingasankhe mongolota. Ndiyesa zonse zitatu, iliyonse tsiku lake, monga mayeso.

Lachiwiri, 24 Malichi

Ku Boma kukagula kabaidi. Pobwerera ndamuika m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi buku la nyimbo. Galimoto yonse fungo! Mayi wina akuti ndi mazira owola, bambo wa kutsogolo akuloza nsapato za kondakitala. Ine ndangoyang'ana panja. Anthu amene atsegula mawindo: onse.

A Sajeni adula nsungwi, ine ndayeza ndi rula yanga ya pabolodi. Yaifupi ikundifika m'bondo, yapakati m'chiuno, yaitali paphewa.

Malamulo a mayeso:
1. Malo amodzi, pachulu cha pakati pa munda.
2. Kuombera kamodzi basi.
3. Kuwerenga anyani ndisanaombere ndiponso nditaombera.
4. Kubwerera kunyumba nthawi yomweyo kukalemba, manambala asanazizire. Kope silipita kumunda, linganyowe.

Pamene ndinali ku Boma, mizere 5 yapita. Yatsala 52.

Lachitatu, 25 Malichi

Yaifupi. Mayo ine!

Makutu akulirabe. Nsidze ya kumanja yatsala theka. Anyani othawa: 19 pa 19. Mbuzi za Anaphiri, amene munda wawo unagundana ndi wanga: zonse zinayi, imodzi ndi chikhomo chomwe.

Vuto n'lakuti athawa si anyani okha. Chibwerere matipate, kukangomveka phokoso anthu amati ndi mbava za mfuti zochokera kumalire. Amuna alowetsa njinga m'nkhokwe. Wogulitsa makala wasiya matumba pamsewu. Kusukulu ana awagoneka pansi pa mabenchi, chinthu chimene ine m'zaka zanga zonse sindinachitepo, ngakhale tsiku limene denga linasasuka.

Masana kwabwera wapolisi pa njinga, mnyamata waulemu. Watembenuza nsungwi, wainunkhiza, wasuzumiramo. Wandipempha kuti ndiombenso kuti amve yekha. Ndakana, ndamuonetsa lamulo lachiwiri. Walemba zimenezo, wamwa tiyi makapu awiri, wapempha kuti pena ndizichenjeza anthu. "Agogo, ife kupalasa kuchokera ku Boma si masewera."

Madzulo kumunda: mizere 8 yapita. Yatsala 44. Komabe pa phokoso, yaifupi yapeza 10 pa 10.

Lachinayi, 26 Malichi

Ndayamba ndi kuzungulira nyumba zoyandikana kuchenjeza. Ena abwera kudzaonerera, aima patali atagwira makutu.

Yapakati. Mawu abwino, odzaza, osaboola khutu. Nsidze yotsalayo ili bwinobwino. Anyani akwera mumtengo wa mkuyu wa m'mphepete mwa munda, onse 19, ndipo akhala phee. Ndabwerera kunyumba ndikuyimba, ndalemba kuti zotsatira n'zokondweretsa.

Madzulo: mizere 9 yapita! Yatsala 35. Sindikumvetsa. Ndabwereza kuchotsera, yankho ndi lomwelo.

A Sajeni akuti ndingotenga yapakatiyo, msilikali aliyense wodziwa mfuti amakonda yapakati, ndipo ndiziomba m'mawa, masana ndi madzulo. Ndawafunsa ngati iwo angapatse mwana mphoto mnzake asanalembe mayeso. Yaitali nayonso ili ndi tsiku lake. Apukusa mutu, apempha mtedza pang'ono "udakalipo".

Lachisanu, 27 Malichi

Yaitali. Ndainyamula paphewa ngati mtanda, yakola m'chimanga cha eni kawiri.

Ndaomba. Yangoti bufu, ngati ng'ombe yokhuta madeya. Oonerera abalalika. Anaphiri afuula ali m'munda mwawo kufunsa ngati m'mimba muli bwino.

Anyani othawa: 0. Chinyani china chachikulu, cha khutu long'ambika, chabwera pafupi ndithu, chayang'ana nsungwi, chayang'ana ine, chakanda m'khwapa. Ndawerenga ndapeza 26. Ndawerenganso, 26. Asanu ndi awiriwo ndi achilendo, ubweya wawo ndi wofiirira. Anaphiri akuti ndi a kutsidya, a ku Zambia, amva mbiri. Sindinalembe zimenezo m'zotsatira chifukwa palibe umboni.

Lamulo ndi lamulo, ndabwerera kukalemba. Mizere 12 yapita. Yatsala 23.

Ndaphatikiza mamalikisi. Yapakati yapambana, yaifupi yachiwiri, yaitali ibwereze kalasi.

Loweruka, 28 Malichi

Tsiku loyamba la mfuti yosankhidwa. Ndavala chitenje chatsopano.

Ndisanaombe, Anaphiri andiimitsa pamalire a munda, khasu paphewa. Akuti akhala akufuna kundiuza koma amaopa kusokoneza maphunziro. "Aphunzitsi, inu mukaomba, ife timadziwa kuti basi mwaweruka, mukupita kunyumba. Anyaniwa nawonso akudziwa. Ikangolira amayamba kutsika."

Ndayankha kuti amenewo ndi maganizo chabe mpaka atayesedwa.

Ndayesa. Ndaomba, ndanyamuka monga mwa masiku onse, koma ndakabisala kuseri kwa chimanga cha Anaphiri. Anyani atsika mumkuyu pamzere, cha khutu long'ambika patsogolo, amayi a ana pambuyo, osakankhana. Ana anga a Sitandade 5 sanalowepo m'kalasi mwadongosolo chonchi. Aliyense watenga mzere wake. Ndinafuna kutuluka n'kuwagenda, koma ndikanaononga mayeso, choncho ndadikira mpaka nditatsimikiza.

Anaphiri akhoza. Mtengo wa kutsimikizako: mizere 11. Yatsala 12.

Pobwerera ndapeza yapakati yang'aluka kuyambira kukamwa mpaka pa mfundo yachiwiri. A Sajeni akuti ngakhale za boma zimatero zikagwira ntchito yolemetsa.

Lamulungu, 29 Malichi

Sindinaombe. Ndi Sabata, komanso kabaidi watha. Kutchalitchi amayi a kwaya andiyang'ana nsidze nthawi yonse ya ulaliki, mmodzi wandibwereka pensulo yakuda.

Titaweruka ndadzera kumunda, ndikudziwa kuti ndikapeza dothi lokhalokha. Ndapeza anyani onse 26 ali mumkuyu, akuyang'ana pachulu. Akudikira mfuti! Ana akulira, chachikulu chija chikuyasamula. Mwana mmodzi yekha, wosamva malamulo, ndiye watsika n'kufukula mzere umodzi.

Zotsatira za sabata yonse, mizere yotayika pa tsiku: yaifupi 8, yapakati 9 ndi 11, yaitali 12, popanda mfuti 5 ndi 1. Utali woyenera ndi ziro.

Koma njala ikawapweteka atsika ndithu, mfuti ilire isalire. Mawa m'mamawa ndikukumba mizere 11 yotsalayo, wosakhwima womwewo. Mbewu sungakhale. Ndiuphika ndi makoko omwe, mbale imodzi ya a Sajeni, ina ya Anaphiri, wotsalawo ndidya ndekha pakhonde, ndipo sindiuwerenga.