Namzeze wa pa basi ya a Mbewe

Mukafika pa Kamwendo n'kufunsa mmisiri wolemba zikwangwani, akabaza adzakulozerani kwa a Chitopa. Ndine amene. Dzinali si la makolo anga, ndinachita kuligwirira ntchito ndi manja angawa, ndipo pamaliro panga ndikudziwa kuti wina adzalitchula ndithu.

Zinayamba ndi a Mbewe, mkulu wina wa ku Dambe amene anakalambira pa chiwongolero. Anali ndi basi imodzi yakalekale, yamphuno yaitali, imene anagula kwa abwana awo atapuma ntchito. Basi imeneyo inanyamula matenanti a m'maesiteti a fodya zaka zosawerengeka, kuwabweretsa mvula isanagwe, kuwabweza kwawo fodya akagulitsidwa. Tsopano inkangokhala pansi pa mtengo wa mango. Mwana wawo womaliza ankakwatiwa Loweruka, ndipo iwo anafuna kuti mkwatibwi apite kutchalitchi pa basi ya bambo ake, itapakidwa penti yatsopano.

Nditafika Lolemba ndi zitini zanga, sanayambe ndi za ntchito. Anandigwira dzanja n'kundiimika kutsogolo kwa basi. Pamwamba pa galasi panali chizindikiro cha kampani imene inapanga basiyo, chopenta pamanja, chofwifwa ndi dzuwa: gudumu la ngolo, pakati pake kambalame.

"Amisiri, mukumuona uyu? Ndi namzeze," anatero. "Amene ankapanga mabasi awa anali pachibale awiri, kutsidya kwa nyanja. Anayamba ndi ngolo za akavalo. Namzeze anamanga chisa padenga pa shedi yawo, wamng'ono akuti tichigwetse, wamkulu akuti ayi, mbalame iyi imapita kutali koma imabwerera pakhomo pomwepo. Atayamba mabasi anamuika pamenepa. Fakitale yake inatsekedwa kale. Kuchokera kubodala mpaka ku Lilongwe, wotsala ndi yekhayu."

Anati nkhaniyi anaimva kwa makaniko wina wachikulire, iwo akadali kondakitala. Anapitiriza za masipoko a gudumu, za mtundu wa penti, ndi zina zambiri. Ine ndinkangoti "eya, eya," maso ali pa dzimbiri la pachitseko. (Ndivomere pano: ndikamva munthu amene sanagwirepo bulashi akundifotokozera za chithunzi, makutu anga amadzitsekera okha.)

Pantchito yathuyi pali lamulo limene aliyense amaphunzira tsiku loyamba. Usanapale chinthu chakale, umatenga pepala la thumba la simenti, kuliika pamwamba pake, n'kutsatira mizere yonse ndi khala. Ukatero pala mmene ungathere. Pepala ndinali nalo. Foni yojambula inali m'thumba. Koma ndinaganiza kuti munthu amene wajambula nsomba, ng'ombe ndi mitu ya anthu ometa m'mashopu onse a pa Kamwendo sangavutike ndi kambalame kamodzi. A Mbewe atangopita kukaona za nkhuni za paukwati, ndinatenga sandipepa. Sizinatenge nthawi, namzeze anasanduka fumbi pamalaya anga.

Lachitatu basi yonse inali kuwala, yobiriwira ndi mzere woyera. Ndinakwera pamakwerero kuti ndibwezeretse chizindikiro. Gudumu linatheka. Kenako ndinaima, bulashi ili m'mwamba. Kodi mbalame ija inkayang'ana kumanja kapena kumanzere? Mapiko anali otambasula onse awiri? M'mutu munali mbee! Ndinajambula mmene mtima unandiuzira, ndikawonjezera apa pena pachepa, ndikakonza khosi mimba yakula.

Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima. "Odi amisiri, nkhuku imeneyo yadwala chitopa kodi?"

Anthu amene ankamanga chisakasa cha ukwati anaseka mpaka wina anagwetsa nsungwi. Dzina lija linabadwira pamenepo.

A Mbewe sanaseke. Anabwera pang'onopang'ono, nayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anandifunsa motsitsa mawu: "Pepala munajambulapo lija lili kuti?"

Bola akanandilalatira. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi.

Tinayamba kusaka. Pa foni ndinapeza mabasi a mitundu yonse, wa namzeze osaoneka. A Mbewe anatulutsa chithunzi chawo chimodzi chokha chimene anajambulitsa ndi basiyo ili yatsopano, koma wojambula anadula pagalasi, chizindikiro chinatsala kunja. Ndinawapatsa khala kuti ajambule okha, koma atafika pamapiko nawonso anaima. Lachinayi ndinapalasa njinga kufunsa anthu amene anaikwera basiyo zaka ndi zaka. Wina anati inali njiwa. Wina anati kabawi. Mkulu wina wa pa esiteti analumbira kuti panalibe mbalame, panali nyenyezi. Tonsefe tinkachiona chinthucho tsiku ndi tsiku, koma panalibe amene anachiyang'anapo. Ndinabwerako mtima uli wolemera, chifukwa ndinazindikira kuti chimene ndinapala sichinatsale kwina kulikonse, ngakhale m'mutu mwa mwini wake.

Lachisanu m'mawa ndinakhala pamakwerero ndikuganiza zongopaka penti yobiriwira pamalopo. Pamenepo anatulukira a Naphiri, akazi a a Mbewe, amene sabata yonseyo sanandiyankhuleko kupatula moni. Anali ndi kansalu koyera kopindapinda, kachikasu m'mphepete chifukwa chokhalitsa m'sutikesi. Atakatambasula, namzeze uja anali pomwepo, wopetedwa ndi ulusi wakuda, akuyang'ana kumanzere, mchira wa mphanda, phiko limodzi litatulukira kunja kwa gudumu.

"Ndinapeta tili pa chitomero," anatero. "Awa ankachoka Lolemba kubwera Loweruka. Tsiku lina basi itaima ndinakwera pabampala n'kujambula papepala la shuga." Anandiyang'ana pang'ono. "Ine si mmisiri ayi, n'chifukwa chake ndinayamba ndi pepala."

Mawu amenewo anandilowa kuposa kuseka konse kwa anthu a pachisakasa aja.

A Mbewe anaigwira nsaluyo ndi manja awiri. Anati anali ataiwala kuti iliko. A Naphiri anawayankha kuti pali zambiri m'nyumbamo zimene anaiwala kuti ziliko, ndipo anabwerera kumapoto awo.

Ndinajambula tsiku lonse, mzere ndi mzere, osawonjezera nzeru zanga ngakhale kadontho. Dzuwa litapendeka ndinatsika n'kuwaitana. Ndinkayembekezera kuti anena kuti wabwerera. Anayang'ana, nagwedeza mutu.

"Wafanana, amisiri. Mwayesetsa. Koma uja anajambulidwa ndi munthu amene sindinamuonepo, ndipo tinayenda limodzi zaka zonsezi. Ameneyo wapita." Analoza kumene kunali a Naphiri. "Uyu ndi wa mayi awa. Nayenso ndi wabwino."

Loweruka mkwatibwi anakwera basi ya bambo ake, nthungululu zili lululu, a Naphiri atakhala pampando wa kutsogolo, pansi penipeni pa mbalame yawo. Ine ndinaonerera ndili kumbuyo kwa anthu. A Mbewe anandikhululukira, mpaka ananditumizira nyama ya paukwati, koma ndikakumana nawo sindichedwa pamoni.

Masiku ano sindipala kanthu ndisanajambule, ngakhale chikwangwani cha pachigayo cholembedwa molakwika. Eni ake amadabwa, amati tikufuna chatsopano, chakalecho mukuchisungiranji? Mapepalawo adzaza katoni kunyumba, ndipo palibe amene anabwerapo kudzafunsa ngakhale limodzi. Limene munthu analifuna ndi lokhalo limene mulibe.