Injini ya Ndege Sigaya Chimanga

Lolemba

Mulungu sagona! Lero ndapeza injini ya chigayo. Yaulere!

Ndikuchokera ku shifiti ya m'mawa, miyendo ili lendelende, a Derek akundikodola pampanda. Ndi mzungu wokalamba woyandikana naye nyumba kuno ku Beaumont Leys, amene macheza athu onse ndi odandaula za mvula. Lamlungu akusamukira kwa mwana wawo ku Derby, mawondo atha, ndiye m'garaja musatsale kanthu. Akuvundukula lona. Mayo ine! Chiinjini chachitali ngati bokosi la maliro, mapaipi mbali zonse ziwiri. Chakhazikidwa pa chigoba cha galimoto yowonda ngati chiswamphika, kumbuyo matayala onenepa, kutsogolo a njinga yakapalasa.

Akuti inali ya ndege yankhondo. Nkhondo itatha asilikali ankazigulitsa ngati zitsulo zotha ntchito, anyamata opanda mantha n'kumaziika m'magalimoto kuti azipikisana liwiro. Iwo anali mmodzi wa anyamatawo. "Itenge, mwana wanga, bola uziisamala."

Kusamala? Ine ndaona kale ufa ukutuluka!

Tsiku lomwe ndinkanyamuka kwathu ku Dowa ndinagwira dzanja la bambo n'kuwalonjeza chigayo, kuti amayi asiye kusenza chimanga mpaka kutsidya la mtsinje. Nthawi imeneyo mwana wanga Chisomo anali asanabadwe, lero akupita kusukulu. Bambo pafoni anasiya kutchula za chigayo. Kusatchulako ndi kumene kumandidya.

Kontena yomwe timasonkherana anthu akwathu ikutsekedwa Loweruka ku Corby. Nthawi ilipo! Ndagula khadi la foni pagolosale, ndayimba kwa aphunzitsi a m'mudzi, awaitana bambo. "Bambo, konzani malo, chigayo chikubwera." Kenako ndikumva akukuwa: "Amake! Amake, tabwerani kuno!"

Mayi a Chisomo sindinawauze. Mlungu uno ali pa ntchito ya usiku kuchipatala, masana amagona. Munthu wotopa sasokonezedwa.

Lachiwiri

Zochita lero:
kuitana a Tembo,
kupeza tepi yoyezera,
kudya (ndaiwala dzulo),
kusamwetulira pamaso pa mayi a Chisomo.

A Tembo ndi mZambia wa ku Corby, mwini vani, amene amayendetsa za kontena. Afika, azungulira injini ngati akufuna kugula ng'ombe, ayesa kuikankha ndi phewa. Yangowayang'ana. "Ba mudala, ichi chintu chilema monga mvuu. Chikangena ichi, firiji ya ba madamu isala."

Firiji! Makina osokera! Matumba a zovala! Mayi a Chisomo akhala akutolera katunduyu chaka chonse m'misika ya kaunjika ya azungu, kuti apite kwa amayi awo ku Ntcheu. Malo athu m'kontena ndi amodzi. Ndanena chapansipansi kuti firiji ingadikire ulendo wina. A Tembo andiyang'ana monga amayang'anira munthu amene akudzikumbira yekha dzenje.

Mayi a Chisomo ndiwauza mawa. Kapena mkuja. Ufa ukadzayamba kutuluka adzandithokoza.

Madzulo uthenga wa aphunzitsi pafoni: bambo adula mtengo wa mango wa pabwalo, akuti ndi pokhapo posalala pafupi ndi msewu. Mtengo uja! Umene amakhala pansi pake akusewera bawo chibadwire ine! Njerwa zomwe ankasungira khitchini ya amayi azisamutsira pomwepo. Ndinangoti konzani malo, sindinati mawa lomwe. Sindikudziwa ngati ndikondwere kapena ndilire.

Lachitatu

Safunsa anadya phula. Lero ndafunsa, koma phula ndadya kale.

Ndalowa m'garaja ngati wongocheza. Ndati, kodi imamwa dizilo wochuluka bwanji patsiku? A Derek aseka mpaka kutsokomola, ndawagwira pamsana monga ndimachitira ndi okalamba a kuntchito.

Zomwe ndaphunzira:
Dizilo siimudziwa n'komwe.
Imamwa petulo wapamwamba, ndipo sikumwa ayi, n'kupapira.
Choziziritsira madzi anachotsa kalekale chifukwa chinkalemera, ndipo injiniyo sinkalira nthawi yoti n'kutentha.
Mpikisano wonse ndi mtunda wa kuchokera pakhomo pathu kukafika pamjigo. Ukaphethira, watha.
Pokoleka lamba wa chigayo palibe.

Ndati, nanga singalire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa? Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Pansi pano? Ingasungunuke usanamwe tiyi."

Za chimanga sindinawauze. Iwo akuganiza kuti ndagwidwa ndi mzimu wa liwiro. Atulutsa chipewa chawo cholimba cha mpikisano, chonunkha makoswe, andiveka okha. Mphatso ya munthu wamkulu ukana bwanji? Ndathokoza ndi manja awiri. Chisomo wasuzumira pampanda, akuti, m'Chingerezi chake cha m'mphuno, ndikuoneka ngati bowa.

Komabe tiyeni tiganize bwino. Ngati imalira kanthawi kochepa koma mwamphamvu, ndiye kuti chimanga cha mudzi wonse chingagayidwe m'kanthawi komweko. Anthu azisonkhana Loweruka, kuthira limodzi, vuuu, aliyense kwawo. Lamba amisiri a pa Mponela sangalephere, anthu aja amawotcherera chilichonse.

Sindikukhazikika. Kuntchito ndathira shuga m'supu ya gogo wina. Wadya osadandaula.

Lachinayi

Khutu lakumanzere silikumva.

A Derek aitana madala anzawo awiri a mpikisano wakale, ndevu zoyera, mabatire m'manja. Akuti ndisatenge chinthu ndisanachimve mawu ake. Taikankhira kanjira ka kuseri kwa nyumba, tatsekera matayala ndi njerwa. Dzuwa lili paliwombo. Ine chipewa kumutu, ndaima ngati mwini katundu. Chinthu chimodzi chokha ndaiwala: zenera la chipinda chathu lili pomwepo, ndipo mayi a Chisomo ali m'tulo.

Yatsokomola. Yatsokomolanso. Kenako dziko lang'ambika!

Moto m'mapaipi onse! Chifuwa changa chikugunda chokha ngati ng'oma! Yunifolomu zomwe zinali pachingwe zadetsedwa ndi utsi, nkhunda zabalalika, agalu a dera lonse akuwa, magalimoto oimikidwa mumsewu ayamba kulira okha. Galasi la kanyumba ka tomato ka mayi wa kuseri lagwa. A Derek akuseka pakamwa pali yasa, misozi ili mbwee, ngati mwana woona mayi ake akuchokera kumsika.

Azimitsa. Chete wake woopsa. Chigubu cha petulo chomwe ndinagula m'mawa chauma.

Potembenuka, mayi a Chisomo ali pakhomo, chitenje m'khwapa, opanda nsapato. Kumbuyo kwawo apolisi awiri. Mapepala anga ali bwinobwino, koma ndayamba kale kuwafufuza m'matumba. Wapolisi wamkulu wazungulira injini, wafunsa a Derek mafunso ambirimbiri, maso akuwala, kenako wakumbukira ntchito n'kutichenjeza kuti tisadzabwerezenso.

Chenjezo lenileni linali m'nyumba. "Bambo a Chisomo, a Tembo anandiyimbira dzulo za firiji ya amayi anga. Ndimangodikira kuti mundiuza liti. Sindinkadziwa kuti mundiuza ndi bomba."

Ndayamba kufotokoza za bambo. Akuti za bambo akuzidziwa, nawonso zimawapweteka, koma chigayo sichigulidwa ndi tulo ta mkazi. Chakudya chamadzulo: buledi. Pogona: pampando.

Lachisanu

A Tembo ayimba m'mamawa, ndamvera khutu lakumanja. "Awe ba mudala, nakana. Vintu va nkondo vifuna mapepa ya boma. Mufuna kontena yonse igwidwe padoko, na njinga za bantu, na mapoto? Manje ine nizabauza chani?"

Ndati ndi chitsulo chakale chabe. Akuti ndikawauze zimenezo asilikali.

Nkhani yafika kale kwa amayi a kutchalitchi. Foni sikupuma. Mayi wina wa ku Normanton akuti m'kontenamo muli diresi laukwati la mwana wake, ndipo likachedwa chifukwa cha mizinga yanga ndidzaona. Mizinga! Wina akufunsa ngati n'zoona kuti ndikutumiza ndege kwathu, ndipo mpando ndi zingati.

Uthenga wa aphunzitsi: shedi ya chigayo yatha, afolera ndi malata omwe bambo achotsa pakhola. Msuweni wanga akufuna ntchito yoyendetsa makina. Amayi auza anzawo onse a kumpingo. Ndipo pakhoma alemba ndi penti yofiira: CHIGAYO CHA MWANA SAIWALA.

Ndawerenga ndili pabasi. Ndapitirira potsikira panga osazindikira.

Madzulo ndapita kwa a Derek, chipewa m'manja. Ndawauza zonse: lonjezo, mtsinje, mutu wa amayi, mtengo wa mango. Ndimayembekezera kuti akwiya. Akhala pabokosi. Kenako mapewa ayamba kugwedezeka. "Chimanga!" Aseka, ine ndaseka, tonse tapukuta m'maso. Atatha akuti: "Chinthu ichi chinapangidwira kupha anthu. Ine ndinachisandutsa chaphokoso chabe. Iwe wekha ndi amene unachifunira ntchito yabwino."

Injiniyo madala aja aitenga mawa, ipita kwa mtsikana wina wa mpikisano amene wakhala akuipempha. Ine andipatsa pisitoni imodzi yapadera, kachitsulo ka m'kati mwa injini, yomwe inali pashelefu. Yolemera, yonyezimira. Ukaitembenuza ili ndi dzenje ngati kamtondo.

Loweruka

M'mawa ku Corby. Amene anati firiji idikire ndi yemweyo wainyamula pamsana. Makina osokera, matumba, zonse zalowa. Anthu akundipatsa moni wa "a payiloti". Ndikumwetulira ngati sizikundikhudza, zikundikhudza.

Mayi a Chisomo aona pisitoni m'thumba langa la jekete. Aitembenuza, alowetsamo chala. Osandiyang'ana, aikulunga m'chitenje chawo chatsopano, alembapo dzina la amayi anga, aiika m'firiji. "Asinjiremo tsabola." Ndi mawu oyamba ofatsa chiyambire Lachinayi. A Tembo atseka chitseko, loko kwa!

Masana ndaperekeza a Derek ku bwalo la mpikisano chakumwera uko, pomwe kale pankatera ndege zankhondo. Injini ikutitsogolera pangolo ya madala aja. Ndinkati ndingowasiya pageti. Sindinabwerere.

Anthu awa! Magalimoto awiri aima pamzere. Ayamba apsereza matayala dala, utsi kuti tolo. Nyali zitsika, yobiriwira, BUU! Usanatseke pakamwa ali kutali uko, atambasula maambulera kumbuyo kuti aime. Basi, zatha. Amuna akuluakulu amagona pansi pa galimoto chaka chonse chifukwa cha kanthawi kameneko. Ina inali ndi injini ya ndege za masiku ano, moto ukutuluka kumbuyo, nsidze zanga zamva kutentha ndili kumpanda.

Ndikuti misala. Koma amene amakuwa kwambiri pabenchi yathu ndine, ndavula ndi chipewa.

Mtsikana uja walandira injini ndi manja akuda ndi girizi. A Derek aisisita pamwamba monga amasisitira ng'ombe yomwe yagulitsidwa, atembenuka msanga, akuti mphepo yawalowa m'maso. Tabwerera kunyumba. Ine mutu uli pa foni ya mawa.

Lamlungu

A Derek apita. Garaja ili pululu, pansi patsala banga la oyilo. Chipewa akaniratu kuti ndibweze, chili pamwamba pa kabati.

Kutchalitchi sindinamve ulaliki, ndipo si chifukwa cha khutu. Titaweruka ndagula khadi, ndakhala pamasitepe, ndayimba. Mayi a Chisomo akhala pambali panga.

Ndawauza bambo mosazungulira. Injini ndi ya ndege, sigaya, sikubwera. Ndinafulumira pakamwa. Chomwe chikubwera ndi kamtondo kachitsulo, kadzera ku Ntcheu m'firiji.

Khadi likudyeka. Ndikumva nkhuku, ndikumva wina akupopa pamjigo.

"Ndiye kuti mango aja ndadula pachabe."

Ndati inde, bambo.

"Kamtondoko n'ka ndege?"

Ndati inde, n'ka ndege yeniyeni.

"Chabwino. M'mudzi muno palibe wina ali nako." Atsokomola. "Shedi sindigwetsa. Bawo ndalowetsa kale m'menemo, mthunzi wake ndi wabwino, sikugwa mbozi."

Ndati nanga zolemba pakhoma zija, mufufute, anthu aziseka.

"Penti inatha. Zikhale choncho. Ndikhala pansi pake, ndiziwerenga."

Khadi latha.

Ndakhala pamasitepe mpaka matako kuzizira. Mayi a Chisomo adzuka, abwera ndi tiyi, akuti kuchipatala kuli mnyamata wa ku Kasungu amene amalume ake ali ndi chigayo cha dizilo, ndikamufunse kuti mtengo wake umayambira pati. Kufunsa kaye, akutero, kuyimba foni pambuyo.

Mawa shifiti ya m'mawa. Ndawauza abwana kuti Loweruka lililonse ndilipo pantchito, ndalama za chigayo ziyambe kusonkhana. Khutu likulirabe.