Mawaya Anayi Amene Anatsegula Mgodi

Nsidze zanga zinameranso, koma ulemu wanga ku Kasanda, komboni yathu ya ku Kabwe, sunamerenso. Mpaka lero mukafunsa akuluakulu a kumeneko za munthu amene anatsegula mgodi kwa kanthawi, adzakulozerani ine, ndipo adzayamba kuseka asanatsitse chala.

Chinali chaka chimene mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa. Ine ndinali wophulitsa miyala pansi, ntchito imene ndinaiyamba ndisanamere ndevu, ndipo ndinatulukako ndi zala zanga zonse (ndikunena zimenezi kuti musaganize kuti ndinabadwa wopusa). Atatipatsa za m'manja zotsazikira, anzanga ambiri anayamba kumanga katundu. Ine ndinapita ku okushoni ya galimoto za kampani n'kugula vaneti yoyera yokalamba, imene kale inkanyamula mabwana.

Mkazi wanga, amake Tisa, anaiyang'ana ngati ndabwera ndi mkazi wachiwiri. Mtima wawo unali utapita kale kwawo ku Petauke, ndipo makatoni anali atayamba kuunjikana kuseri kwa chitseko.

"Awisi Tisa, iyi motoka ndiye tizadya?"

"Izatidyesa," ndinayankha.

"Chabwino. Bashi Chanda akuka pa Chiwelu. Ngati izawafikisa ku Kapiri na katundu yawo yonse, tizankala. Ngati yakangiwa, mugulise, tiyende kumunzi."

Mumvetse bwino pamenepa. Ine khasu ndinaligwira komaliza ndili kamwana. Ana anga onse anabadwira m'Kabwe. Kupita ku Petauke kunatanthauza kukakhala mkamwini wa imvi pamudzi wa eni, kumapempha alamu anga pomanga ngakhale khola la nkhuku. Ndinalumbira mumtima kuti Loweruka limenelo vaneti ikafika ku Kapiri, ngakhale nditaisenza pamutu.

Bashi Chanda anali mnansi wathu, Mbemba wa ku Kasama, ndipo tinkagwira shifiti imodzi. Ankapita ku Kapiri kukakwera sitima yobwerera kwawo. Popeza Abemba ndi ife a kum'mawa timachitirana chimbuya, ubale wanthabwala wotchulana mbuya, moni wathu wa tsiku ndi tsiku unali kunyozana.

Vuto linali lakuti vaneti inkatsokomola. Ikaima, inkanjenjemera ngati ili ndi malungo, ndipo pakachitunda kalikonse inkapempha chifundo. Dalaivala wina wa kampani anandiuza kuti ikufuna mapulagi ndi mawaya ake atsopano. Ndinakagula m'tauni. Wogulitsa atandilozera galaja, ndinaseka. Moto woyenda m'waya kukaphulitsa kanthu m'bowo, imeneyo si inali ntchito yanga kwa moyo wonse? Ndikalipirenso munthu wina?

M'mawa mwake ndinatsegula boneti. Mapulagi anayi anali pamzere, ndipo waya wa pulagi iliyonse unkachokera pa kachipewa kakuda kogawa moto, kotchedwa disitiribyuta. Chimene ndinaona chinandikwiyitsa: mawayawo anali opingasana, wina kudumpha mnzake. Kumgodi munthu wolumikiza chotero ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Lamulo lathu linali losavuta. Waya wakale susakanizidwa ndi watsopano, umayamba wachotsa zonse. Kenako mabowo amalira motsatana: loyamba, lachiwiri, lachitatu, palibe lodumpha linzake.

Ndiye ndinazula mawaya onse anayi nthawi imodzi n'kuwaponya kudzala (inde, kudzala, ndisanayang'ane n'komwe kuti uti unkachokera pati). Mapulagi ndinamanga bwinobwino ndi sipanala yobwereka. Mawaya atsopano ndinawayala mozungulira kachipewa kaja motsatana, loyamba mpaka lachinayi, aukhondo ngati ana a sukulu pamzere. Ndinabwerera m'mbuyo n'kudzitamanda ndekha.

Nditapotoza kiyi, injini inangoti gwe-gwe-gwe, n'kuyetsemula, n'kukhala chete.

"Mbuya, mwaikamo mbeba mu injini?" anafunsa bashi Chanda ali tsidya la mpanda.

"Imwe endani mukapike kolwe wanu," ndinatero, powakumbutsa anyani amene timati kwawo ndi ndiwo. "Iyi ni nchito ya akatswiri."

Ndinapotozanso, ndinapotozanso, mpaka batire inayamba kulira ngati nkhalamba. Kuganiza zoti mwina ndalakwitsa mawaya sikunandifikire m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinati vuto ndi njala, injini sikulandira petulo. Ndinachotsa chivundikiro cha kabuleta, n'kuthiramo petulo wa m'kabotolo, n'kuuza mbuya wanga kuti alowe apotoze kiyi ine ndikusuzumira kukhosi kwake.

Lawi linangoti phuu! Ndinamva fungo la nkhuku yowaula, ndipo nkhukuyo ndinali ine.

"Mune, nkope yanu yasila," anatero bashi Chanda akugwira m'mimba. "Lekani, tiitane makanika."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ndinaona amake Tisa ataima pakhomo atapinda manja, ndipo m'maso mwawo ndinaona msewu wonse wa ku Petauke. Ndinaitana amuna a pamzere wathu (masiku amenewo amuna ongokhala sankasowa) kuti andikankhe. Anandikankha kutsetsereka cha kumilu yakuda ya zotsalira za mgodi, ine ndikupopa petulo ndi phazi ngati ndikupalasa njinga. Nditaona kuti liwiro lakwana, ndinasiya kilachi.

Ndaphulitsa miyala yambiri m'moyo wanga, koma kulira kumeneko kunandigonthetsa. Petulo yense amene anadzaza m'sayilensa anayaka kamodzi. Sayilensa inang'ambika, fumbi linabuka, agalu anathawa, ndipo ondikankha ena anadzigwetsa m'ngalande.

Tsoka lake, inali nthawi ya masana, nthawi yomwe kale nthaka inkagwedezeka tikaphulitsa pansi. Zitseko zinayamba kutseguka. Amayi anatuluka akupukuta manja m'zitenje, amuna akuyang'ana kumene kunali chitsulo chachitali cha pamgodi. Kenako ndinaona a Daka, mkulu wa mpingo wathu, akubwera chothamanga, chisoti cha kumgodi kumutu, majombo osamanga zingwe.

"Asegula?" anafunsa akupuma movutikira. "Anati azungu atsopano azabwera. Asegula?"

Anayang'ana vaneti ikufuka, anayang'ana nkhope yanga, kenako anavula chisoti pang'onopang'ono. Ndikuuzeni zoona, pamenepo ndinafuna kulira, osati chifukwa cha manyazi okha. Mwamwayi bashi Chanda anafuula kuti, "Ba Daka, uyu ndiye muzungu wamene wagula mugodi!" ndipo Kasanda yense anagwa nako kuseka. Amake Tisa sanaseke. Anangopita kugolosale n'kubwera ndi katoni ina.

Tsiku linalo, lomwe linali lomaliza Loweruka lisanafike, ndinavala jekete ya kutchalitchi n'kuyenda wapansi mpaka kumsika wa Kamushanga, kumene mavaneti amaima kudikira katundu. Kufunsa sindikanatha, kunyada kunali kusanapse konse. Ndinapeza vaneti ya mtundu wofanana ndi yanga, n'kuuza mwini wake kuti ndikufuna kugula galimoto, anditsegulire boneti.

"Iyi sitigulisa, bosi, koma kuona ni mahala," anatero.

Ndinawerama. Mawaya ake analinso opingasana, ndendende ngati aja ndinataya. Ndinawatsata ndi chala mmodzimmodzi kuzungulira kachipewa: woyamba unapita ku pulagi yoyamba, wotsatira unadumphira ku yachitatu, kenako yachinayi, womaliza n'kubwerera ku yachiwiri. Ndinaona ngati andimenya mbama. Ndiye kuti injini ili ndi ndondomeko yakeyake, ndipo sinagwirepo ntchito kumgodi.

"Mudala, nanga nsidze mwasiya kuti?" mwini galimotoyo anandiyang'anitsitsa. Kenako anaomba m'manja. "Iwe! Bwerani muone, ni aja a bomba ya ku Kasanda!"

Ndinachoka mwaulemu wonse umene munthu wopanda nsidze angakhale nawo. Poopa kuiwala, ndinayenda njira yonse ndikunena mokweza kuti, "Loyamba, lachitatu, lachinayi, lachiwiri." Mayi wina wa m'chigwirizano anandipatsa moni, ine n'kumuyankha kuti lachinayi. (Ndinamva pambuyo pake kuti anandiika m'mapemphero.)

Nditafika, ndinapingasa mawaya aja dzanja likukana, chifukwa linali kuchita zimene linaletsedwa kwa zaka zonse. Sayilensa ndinaikulunga ndi lata la chitini cha mafuta n'kuimanga ndi waya. Batire ndinabwereka. Nthawi ino palibe anayandikira, onse anaonerera ali kuseri kwa mipanda.

Ndinapotoza kiyi. Inalira ulendo woyamba womwewo, n'kumalira mokhazikika, osanjenjemera. Ndinatsamira chiwongolero kwa kanthawi kuti anthu asaone nkhope yanga.

Loweruka tinapakira bedi, mbaula, makina osokera, njinga ndi ana. Amake Tisa anakhala kutsogolo kuti aone ndi maso awo. Vaneti inakwera zitunda zonse za msewu wa ku Kapiri osatsokomola, ine ndikumwetulira ngati mkwati. Pasiteshoni tinatsitsa katundu, ndipo bashi Chanda anandigwira dzanja osalisiya. Ndinadikira kuti andinyoze monga mwa nthawi zonse.

"Mwabomba, mbuya," anangotero, kundiyamikira ntchito. "Musale bwino."

Tinabwerera kumbuyo kwa vaneti kulibe kanthu. Titayandikira Kabwe amake Tisa anati, "Makatoni aja nizapasa amake Mulenga. Nawo akuka sabata ya mawa. Nawauza kuti motoka ilipo."

Ndimo mmene tinakhalira m'Kabwe. Vaneti inatidyetsadi: miyezi yotsatira ndinanyamula pafupifupi shifiti yanga yonse, mmodzi ndi mmodzi, kupita nawo ku mabasi ndi ku sitima, a Daka omwe. Phunziro la mawaya ndinaligwira, ndipo ndikupatsani kwaulere: chotsani umodzi, bwezerani umodzi. Koma la mmene munthu ungasangalalire kuti injini yako ikulira bwino pamene ikukuchotsera anzako, limenelo mpaka lero likundikanika.