Mamina a m'dimba la nyemba

Nkhani iyi ndimaikamba nditaweramitsa mutu. Sabata yathunthu tulo tinandithawa chifukwa cha mamina, mabomba okwirira aja, osadziwa kuti mwini mamina ndine.

Shikola ndinalekezera kwarta kilasi, kalasi yachinayi, nkhondo itafika ku Ntengo-Wambalame. Koma phunziro limodzi la a Profesolo, aphunzitsi athu, linanditsalira. Anatiuza za wansembe wina wakalekale, wa dziko lakutali, yemwe ankadzala nsawawa kuseri kwa tchalitchi. Maluwa ankawavundikira ndi timatumba kuti njuchi zisasakanize, n'kumawerenga mbewu imodziimodzi kwa zaka zambiri, mpaka anazindikira chifukwa chomwe mwana amadumphira bambo ake n'kukafanana ndi agogo. Anamwalira popanda womumvera.

Mwana wanga Rozita sankafanana ndi bambo ake ngakhale khutu. Iwo anatengedwa ndi anthu amfuti kukasenza katundu ine ndili woyembekezera, ndipo sanabwerere. Ndinkakhalira kumuyang'ana mwanayo, kufunafuna nkhope yawo. Tsono ndinati ndiyese nzeru za wansembe uja pa nyemba zomwe amuna anga anandisiyira, zofiira ndi zoyera, m'dimba la kumtsinje. Timatumba ndinalibe. Ndinang'amba malaya awo ofiira n'kumangirira tinsanza pa maluwa, osauza munthu.

Patapita masiku awiri apongozi analowa ali wefuwefu.

"Amake Rozita, kumtsinje musapondeko. Kwaikidwa zizindikiro za mamina."

"Mbali iti, amayi?"

"Konseko. A Sabina aona ndi maso awo."

Ndinabereka mwana n'kuyenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu. Pofika nyumba yomaliza, ndinali nditawonjezera kuti mbuzi yaphulika kale. Amayi a m'mudzi anayamba kutunga madzi kuseri kwa phiri. Ine ndinkalirira nyemba zanga, mbewu yokhayo ya amuna anga, zikuuma popanda wothirira.

Kenaka kunabwera sapadori, msilikali wofukula mamina, kuchokera ku Tsangano. Mudzi wonse tinaima patali. Bamboyo anagona chafufumimba n'kuyamba kukwawa, akubaya dothi pang'onopang'ono ndi mpeni wa pamfuti. Ndinaona akulunjika dimba langa. 

Dzuwa lili paliwombo anabwerera matope okhaokha, atanyamula kansanza kofiira kokhala ndi batani.

"Nkhondo ndayenda nayo, koma mina ya batani ndaiona lero. Mwini wake ndani?"

Apongozi anakayang'anitsitsa. "Batani ili ndinasokerera ndine. Ndi malaya a mwana wanga."

Maso onse pa ine.

"Ndi siyensiya," ndinatero ndi mawu a udzudzu. "Kunali wansembe wina..."

"Mayi, wansembe wanuyo anakwawitsa anthu angati?" anafunsa sapadori.

A Sabina anafunsa za mbuzi ija. Ine ndinangolunjika njira ya kunyumba.

Titafika kunyumba ndinawafotokozera apongozi zonse. Anamanga kansanza kaja pa nsonga ya chitenje chawo, n'kumunyamula Rozita.

"Uyu ndi agogo ake aamuna, malemu amuna anga, mphumi ndi chibwano chomwe. Mukanangondifunsa."

M'mawa mwake ndinapita kukamasula tinsanza tonse, ndinathirira nyemba, maluwa n'kuwavundikira ndi makoko a chimanga. Malaya ndinawalumikiza, kuti eni ake akabwera adzawapeze.

Wansembe uja anavutika chifukwa palibe anamumvera. Ine chinandivuta n'chakuti mudzi wonse unandimvera.