Kadzidzi wa ku Nathenje, madalitso a ku Mitundu

Abale anga, nkhani iyi ndikangoikumbukira mawondo amayamba okha kuwawa. Mkazi wanga amati ndisamaifotokoze pagulu, koma ku Mitundu konse anaimva kale, a kabaza amachita kundilozerana. Bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndi anga omwe.

Ine ndine mphunzitsi ku Nathenje, ndipo ndili ndi matenda amodzi: kugonja ndimadana nako. Ngakhale bawo wa ana, ndikaluza chakudya sichilowa.

Matendawa anakula pamene Fatsani, mchimwene wake wa chibwenzi changa Tiyamike, anabwera kuchokera ku Joni ndi gemu ya makhadi m'kabokosi. Si makhadi a juga aja ayi. Apa aliyense amayamba ndi kamulu kake ka makhadi ofooka, ndipo pakati pa tebulo pamakhala msika wa makhadi amphamvu. Ukagula khadi limalowa m'mulu wako, ukasakaniza limadzakutulukira m'manja n'kukugwirira ntchito. Pamapeto mumawerenga mapointi. Basi.

Tinkasewera Loweruka m'kashopu ka Fatsani kokonzera mafoni, ndipo ine ndinapezamo chida changa: khadi la kadzidzi. Ukaliponya pa tebulo, mnzako aliyense amalandira khadi loipa lolembedwa kuti "Curse", lojambulidwa mtambo wakuda. Khadi loipalo siligula kanthu. Limangodzaza m'manja ngati nansongole m'munda, pamapeto n'kukudyera mapointi.

Nzeru yake nayi, ndikupatsani ulere. Kadzidzi mumugule msanga, anzanu akadali kuthamangira makhadi onyezimira. Mukatero tayani makhadi ofooka onse kuti mulu wanu uwonde. Mulu ukawonda kadzidzi sachedwa kubwerera m'manja. Mwangomuponya kumene, uyu wabweranso! Ndi nzeru imeneyi ndinamuliza Fatsani mpaka anayamba kutseka shopu akandiona ndikuwoloka msewu.

Ndiye linafika tsiku lokaonekera kwa malume ake a Tiyamike, a Mbewe, ku Mitundu. Amenewo ndiye mwini mbumba. Akati ayi, ukwati wathera pompo, ngakhale mutalira bwanji.

Tiyamike anandilangiza pa foni mpaka mayunitsi kutha.

"Malume amakonda ulemu. Chilichonse mukamawapatsa, gwadani, manja awiri. Ndipo chonde, musakatsutsane nawo."

"Ine kutsutsana ndi munthu? Iwe umandidziwa bwino."

"N'chifukwa chake ndikunena."

Ndinafika pa kabaza dzuwa likuswa mtengo, jekete yanga yakuda itasanduka yofiira ndi fumbi. A Mbewe anandilandirira pansi pa mango. Bambo wamtali, wosalankhulalankhula, maso ali kumwamba kusaka mvula chifukwa fodya wawo ku nazale anali atayamba kufota. Anandifunsa za kwathu, za mpingo, za ntchito. Zonse ndinakhoza. Ten out of ten!

Chakudya chinachedwa. Satana analowera pamenepo, kudzera mwa Fatsani.

"Malume, podikira tikuonetseni gemu ya ku Joni. Alamu angawa ndi akatswiri."

Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Sanamve, kapena anamva n'kukumbukira misozi yake ya ku Nathenje.

"Bweretsani," anatero a Mbewe. "Pa bawo ndimadya anthu, nanga timapepala iti?"

Magalasi awo anali atathyoka, ndiye zithunzi ankangoziona mwa chizimezime. Chingerezi cha pamakhadi Fatsani ndiye ankawamasulira.

Ndinalumbira mumtima kuti lero ndisewera ngati Mkhristu. Koma abale, dzanja lozolowera ndi loopsa! Ndisanaganize n'komwe ndinali nditagula kale kadzidzi. Makhadi ofooka ndinataya, mulu n'kuwonda bwinobwino. Ndinadzazindikira kadzidzi ali pa tebulo, ndipo ndinafulumira kumuphimba nkhope ndi chala chachikulu.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa a Mbewe.

"Ndi... ndi nkhuku, malume. Nkhuku yachizungu."

"Ooo. Yonenepa bwino. Imatani?"

Fatsani anayankha nkhope ili phee ngati ali pa guwa. "Imagawira aliyense khadi ili, malume. Alamu, apatsenitu malume lawo."

Mayo ine! Ndinatola khadi la mtambo lija. Malangizo a Tiyamike anandilira m'makutu. Ndinatsika pampando, mawondo pansi, manja awiri, n'kupereka temberero kwa mwini mbumba ndi ulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa.

"Zikomo, aphunzitsi." Analiyandikiza kumaso. "Aa, mtambo wa mvulatu uwu! Tanthauzo lake?"

Tsopano ndiuzeni inuyo. Wabwera kudzapempha mwana wa eni ake, pakamwa pako pangatuluke bwanji mawu oti "ndakutembererani"? Lilime linakana kwamtuwagalu.

"Madalitso, malume."

"Madalitso!" Nkhope ija inawala. Anatembenukira kukhitchini n'kufuula. "Mwamva inu? Mnyamatayu sanalowe n'komwe m'banja, wayamba kale kutiitanira mvula!"

Fatsani anayamba kutsokomola, misozi ili mbwee. Atapeza mpweya anakankha khadi lake la mtambo. "Malume, langali tengani. Sindingadalitsidwe ine akulu ali pompano."

"Wakula bwino iwe," anatero a Mbewe, n'kulitenga ndithu.

Apa ndinati basi, kadzidzi sindimuponyanso. Koma nanga si mulu ndinauwondetsa ndekha? Nditangotola makhadi ena, uyu, maso ali tong'o akundiyang'ana. Ndinamubisa kuseri kwa anzake.

"Aphunzitsi, nkhuku ija ndaiona mchira. Musaumire. Itulutseni!"

Tiyamike paja anati ndisakatsutsane nawo. Ndinagwada.

Kadzidzi anabweranso. Ndinagwada. Ndinayesa kugula makhadi achabechabe kuti mulu unenepe kadzidzi asochereremo, koma ndinali nditaukonza bwino mopitirira muyeso. Nzeru yanga yomwe inkandikwapula! Thukuta linali kamukamu, thalauza itayera m'mawondo, ine ndikungotsika ndi kukwera pampando ngati ndili pa chilango.

M'manja mwa a Mbewe munadzaza mitambo yokhayokha. Sanathenso kugula ngakhale khadi limodzi, koma chimwemwe chake! Ankaisanja pa tebulo ngati fodya wa giredi yapamwamba. Anthu oyandikana nawo anayamba kusonkhana kudzaona mkamwini waulemu. Mayi wina anapempha kuti akhudzeko limodzi chifukwa mwana wake amayembekezera zotsatira za mayeso, ndipo a Mbewe anamulola.

Ndinkapemphera kuti chakudya chifike. M'malo mwa chakudya anafika a Nachisale, akazi awo a a Mbewe, akuchokera ku msonkhano wa amayi a kumpingo. Mayi amenewa anapuma ntchito ya uphunzitsi. Ankaphunzitsa Chingerezi. Magalasi awo anali amoyo ndithu, atapachikidwa pakhosi ndi kachingwe.

"Bambo, mwasonkhanitsa anthu chonchi kwagwanji?"

"Bwerani mudzaone, mayi. Madalitso onsewa atipatsa ndi aphunzitsiwa. Chogwada! Tawerengani anthu amve."

A Nachisale anavala magalasi, anatola khadi limodzi, analiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kuliyang'ananso.

"Curse," anawerenga. "Minus one."

"M'Chichewa, mayi, anthu amve!"

"Temberero, bambo."

Zii. Ngakhale nkhuku zenizeni zinasiya kupalasa.

"Nanga ili?"

"Temberero."

"Ili?"

"Onsewa, bambo. Palibe dalitso ngakhale limodzi." Kenako anatembenukira kwa ine, chala changa chili pankhope ya nkhuku ija. "Mwana wanga, tachotsani chalacho."

Ndinachotsa.

"Kadzidzi!"

Abale inu! Mayi wa mayeso uja anakuwa n'kuthamangira ku mjigo kukasamba m'manja. Gogo wina anayamba pemphero mokweza, osafunsa aliyense. Tiyamike anali akubwera ndi madzi osamba m'manja, beseni linamupulumuka n'kugubuduzika mpaka kumapazi kwanga. Fatsani anazimiririka. Ndinkangomva munthu akufa ndi phwete kuseri kwa chigafa.

Ine ndinali nditagwadanso kale, temberero lina lili m'manja awiri, kukamwa kuli yasa.

A Mbewe anandiyang'ana n'kulankhula motsitsa, ndipo kunali bwino akanakalipa.

"Aphunzitsi, munabwera kudzafunsira mbeta, kapena kudzatha mtundu?"

Ndinaona ukwati wanga ukukwera kabaza kubwerera ku Nathenje popanda ine. Ndinalongosola zonse: kuti ndi masewera chabe, kuti makhadiwo anapangidwa ku fakitale osati kwa sing'anga, kuti ndinanama chifukwa pakamwa panga panakana kutchula mawu oipa kwa akulu. Ndinapepesa mpaka Chichewa kutha.

A Mbewe anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale waung'ono. Anayang'ananso mulu wawo uja.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi ine ndimaluza?"

"Eya, malume."

"Inu mukupambana?"

"Mwangozi, malume."

"Pakhomo panga? Anthu akuona?"

Tiyamike anali ataphimba nkhope ndi chitenje.

A Mbewe anakoka mpando n'kuyandikira tebulo. "Fatsani! Tuluka kuseriko, udzasakanize timapepalati. Mayi, khalani apa muzindiwerengera chilichonse." Kenako anandiloza. "Inu, kadzidziyu amagulidwa liti?"

"Koyambirira, malume."

"Kenako?"

"Mumataya makhadi ofooka kuti azibwera pafupipafupi."

Ndinaulula chinsinsi changa chonse ndi pakamwa panga! Munthu wa bawo safuna kuuzidwa kawiri. Anagula kadzidzi, anagulanso wina, mulu wawo n'kuwonda kuposa wanga. Ine kadzidzi sindinayerekeze n'komwe kumukhudza. Atamuponya koyamba anatola khadi la mtambo n'kulitambasula ndi dzanja limodzi.

Kwa akulu salandira chili chikhalire. Ndinatsika pampando, mawondo pansi, manja awiri.

"Madalitso, aphunzitsi."

"Zikomo, malume."

Mudzi wonse unaphulika ndi phwete. Fatsani naye anayamba kundikankhira ake. "Alamu, angawa tengani, inu ndinu mlendo." Chakudya chinabwera, chinazizira, ine ndikungogwada ndi kuthokoza. Ine amene sindidya ndikaluza bawo wa ana, tsiku limenelo ndinaluza mpaka mapointi anga anapita pansi pa ziro, ndikuwomba m'manja.

Dzuwa litapendeka a Mbewe anatolera makhadi, akupukuta misozi ya kuseka.

"Kunama simutha, aphunzitsi, koma kugwada mumatha. Kauzeni akwanu abwere tidzakambirane."

Ukwati unachitika. Gemu ija Fatsani sanaionenso, inatsala ku Mitundu, ndipo ndikamva kuti a Mbewe akuliza madoda pansi pa mango paja ndimadziwa kuti malumewo ndi ophunzira anga.

Ine ndinkati nkhani inatha. Chaka chathachi Mulungu anatipatsa mwana wamwamuna, ndipo tinapita naye ku Mitundu kuti malume akamutche dzina. Anamunyamula, anamuyang'ana, kenako anandiyang'ana ine mpaka ndinangotsala pang'ono kugwadanso.

"Ameneyu," anatero pang'onopang'ono, "ndi Madalitso."

Bodza ukalipereka ndi manja awiri, limabwerera uli ndi udindo wolilipirira fizi.